Nkhuyu Zodya Mwana Zipota Wamkulu

Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Mwana akwera mumkuyu, adya mpaka kukhuta, atsika akuseka. Koma usiku m'mimba mukayamba kupota, wochezera naye ndi mayi ake. Akathyola chimanga m'munda mwa eni, wokayankha mlandu kubwalo kwa amfumu ndi atsibweni ake. Mwambiwu sudabadwire mabuku, komabe ukufotokoza bwino zimene zakhala zikuchitikira mabanja ambiri achikhristu ku America ndi ku Britain kuyambira 1997. Kumeneko ana adapeza mkuyu wa mtundu wina: nthano zopeka za afiti, zinjoka, mphete zamphamvu ndi nyama zolankhula. Mwana amawerenga usiku n'kugona tulo tokoma. Kukacha Lamulungu, okambidwa monong'ona pakhomo la tchalitchi ndi bambo ake ndi mayi ake.

Pa 26 Juni 1997, kampani ya Bloomsbury ku London idatulutsa buku loyamba la Harry Potter, lolembedwa ndi J.K. Rowling. Poyamba adangosindikiza makope 500 achikuto cholimba. Nkhani yake ndi ya mwana wamasiye wogona m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, amene pokwanitsa zaka 11 akuuzidwa kuti ali ndi malo kusukulu yophunzitsa matsenga. Pofika 2007 mabukuwo adakwana asanu ndi awiri, ndipo lero ogulitsidwa aposa 500 miliyoni. Ana amene aphunzitsi ankachita kuwakakamiza kuwerenga adayamba kuima pamzere pakati pausiku, kudikira buku la masamba mazanamazana.

Kupota kudayamba msanga. Bungwe la American Library Association, limene limalemba madandaulo a anthu ofuna kuti buku lichotsedwe m'sukulu ndi m'malaibulale, lidapeza kuti kuyambira 2000 mpaka 2009 palibe mabuku amene anthu adadandaula nawo kuposa a Harry Potter. M'chaka cha 2000, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya Church of England ku Chatham, m'chigawo cha Kent, adawaletsa pasukulu pake. Akuluakulu a tchalitchi chachikulu cha Canterbury adakana kuti filimu ya Harry Potter ijambulidwe pamalo pawo, pamene anzawo a ku Gloucester ndi ku Durham, a mpingo womwewo, owerenga Baibulo lomwelo, adatsekula zitseko. Pa 30 Disembala 2001, Abusa Jack Brock a Christ Community Church ku Alamogordo, New Mexico, adasonkha moto panja pa tchalitchi, anthu awo n'kumaponyamo mabukuwo, kutsidya kwa msewu khamu lina likutsutsa mofuula. Ku Cedarville, Arkansas, komiti ya sukulu idalamula kuti mwana asabwereke buku la Harry Potter popanda kalata ya makolo, mpaka woweruza adathetsa lamulolo mu 2003.

Zopweteka kwambiri sizidafike m'nyuzipepala. Ku America mpingo si wa Lamulungu lokha. Mabanja ambiri, makamaka amene amaphunzitsa ana awo kunyumba, amapeza kumeneko anzawo a ana awo, owasiyira ana akamachokapo, owabweretsera chakudya pamatenda, pamaliro ndi pobadwa khanda. Banja lotere likadziwika kuti limasunga mabuku a afiti, palibe amalichotsa mumpingo. Zimangochitika kuti ana a kwa uje saloledwanso kubwera kudzagona kuno, kapena mayi amene ankaphunzitsa Sande sukulu sapemphedwanso chaka chotsatira. Tsono mayi amayamba kuchotsa mabuku pashelefu akamva kuti maphunziro a Baibulo achitikira kunyumba kwake. Bambo amachenjeza ana m'galimoto kuti asakatchule zimene akuwerenga. Mwana amene wachenjezedwa chotero amatolapo phunziro limene palibe adafuna kum'phunzitsa: kuti kunyumba ya Mulungu munthu amapita ndi theka la mtima, theka lina n'kulisiya kuchipinda.

Mantha a makolo oletsawo si nkhani yoseka. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza maula, nyanga ndi kufunsira kwa akufa, ndipo Machitidwe 19 amasimba za anthu a ku Efeso amene atatembenuka mtima adatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Mkhristu wokhulupirira kuti mizimu yoipa ilikodi sangakhale mtima pansi poona mwana wake akugwedeza kamtengo n'kumatchula mawu achilendo. Wowerenga wa kuno ku Malawi safunika kum'fotokozera zimenezi. Kuno dzina loti mfiti likagwera munthu, nyumba imatha kupsa, nkhalamba kuthamangitsidwa m'mudzi kapena kuphedwa kumene, ngakhale lamulo la 1911 likunena kuti kuloza mnzako chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene amadziwa kulemera kwa mawu amenewa ali ndi chifukwa chofunsira kuti buku lochititsa ufiti kuoneka ngati masewera likuphunzitsa mwana chiyani. Ali nawonso mwambi wawo, wa mtengo womwewo: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Koma wodziwa ngati m'nkhuyu muli nyerere ndi amene waing'amba pakati. Abusa Brock adavomera kwa atolankhani kuti mabuku amene adatenthawo sadawawerenge. Mayi wina wa ku Gwinnett County, Georgia, adalimbana ndi akuluakulu a sukulu kuyambira 2005 mpaka khoti litamukanira mu 2007, nayenso asanawerenge mabukuwo onse. M'chaka cha 2000, nyuzipepala ya nthabwala yotchedwa The Onion idapeka nkhani yoti ana ambirimbiri ayamba kupembedza Satana chifukwa cha Harry Potter, n'kuikamo mawu amene Rowling sadalankhulepo. Akhristu ambiri adatumizirana nkhaniyo pa intaneti ngati umboni weniweni. Anthu oopa bodza la m'nthano adafalitsa bodza lenileni, ndipo lidawononga mbiri ya munthu wamoyo.

Chodabwitsa n'chakuti mkuyu umenewu udamera pabwalo la tchalitchi. Baibulo lenilenilo lili ndi nthano ya Yotamu pa Oweruza 9, m'mene mitengo, mkuyu uli pomwepo, ikukambirana zolonga mfumu. Lili ndi chinjoka cha mitu isanu ndi iwiri pa Chivumbulutso 12. John Bunyan, mlaliki amene adakhala zaka 12 m'ndende ku Bedford chifukwa cholalikira popanda chilolezo, adatulutsa The Pilgrim's Progress mu 1678, buku la ziphona, zilombo ndi nyumba zamalinga. Iyenso adayamba ndi kudziteteza, poti ena mwa anzake adamuuza kuti asalisindikize. Patapita zaka, amishoni adalimasulira m'zinenero za mu Africa pafupifupi 80. George MacDonald wa ku Scotland adali mbusa ku Arundel kuyambira 1850. Madikoni adam'dula malipiro chifukwa chophunzitsa kuti chifundo cha Mulungu chingafikire ngakhale anthu amene adafa osamva uthenga, ndipo mu 1853 adatula pansi udindo. Atasowa gome lolalikirapo, adayamba kulalikira m'nthano. Buku lake la Phantastes, la mu 1858, ndi limene mnyamata wosakhulupirira Mulungu dzina lake C.S. Lewis adagula pasiteshoni ya sitima ku Leatherhead mu 1916. Lewis adadzanena pambuyo pake kuti bukulo lidabatiza maganizo ake zaka zambiri iye mwini asanagonje.

Amene adam'thandiza kugonja ndi J.R.R. Tolkien, munthu wodziwa bwino mtengo wa kusankha mpingo. Adabadwira ku Bloemfontein, South Africa, mu 1892. Bambo ake atamwalira, mayi ake a Mabel adalowa Chikatolika mu 1900, ndipo achibale a mbali zonse adawataya, ena n'kuleka kuwathandiza ndi ndalama. Mayiwo adamwalira ndi matenda a shuga mu 1904 ali ndi zaka 34, n'kusiya anyamata awo awiri m'manja mwa Bambo Francis Morgan, wansembe wa ku Birmingham. Mwana woleredwa ndi wansembeyu ndiye adadzatulutsa The Hobbit mu 1937 ndi The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955.

Usiku wa pa 19 Seputembala 1931, Tolkien, Lewis ndi mnzawo Hugo Dyson adayenda m'kanjira ka Addison's Walk ku Magdalen College, Oxford, akukangana za nthano. Lewis ankati nthano zakale za milungu yofa n'kuuka zimam'gwira mtima, koma ndi mabodza okoma basi. Tolkien adatsutsa. Maganizo ake adali akuti munthu amapeka nkhani chifukwa adalengedwa m'chifanizo cha Mlengi, ndipo m'nthano zabwino mumawala kachigawo ka choonadi. Nkhani ya Khristu ili ndi mphamvu yomwe ija ya nthano, kusiyana kwake n'kwakuti idachitikadi, pa malo ndi nthawi yodziwika. Tolkien adapita kwawo cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Patangopita masiku ochepa, Lewis ali pa ulendo wa njinga yamoto ya mkulu wake wopita ku Whipsnade kukaona nyama, adapezeka kuti wakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu. Kuyambira 1950 mpaka 1956 adatulutsa mabuku asanu ndi awiri a Narnia, a mkango Aslan wofa m'malo mwa mwana wopereka abale ake, n'kuukanso. Tolkien naye adabisa chikhulupiriro chake m'kati mwa nkhani: mphete yoipa ya mu The Lord of the Rings ikuwonongedwa pa 25 Malichi, tsiku limene Akatolika amakumbukira uthenga wa mngelo kwa Maria.

Mu 1955 nkhuyu za Narnia zidapota mayi wina wa ku America. Mwana wake wa zaka 9 adavutika mumtima poganiza kuti akukonda Aslan kuposa Yesu, ndipo ankaopa kuti akupembedza fano. Mayiyo sadatenthe bukulo, sadamuuzenso mwanayo kuti asiye zibwana. Adalembera kalata mlembi mwiniwake. Lewis adayankha pasanathe nthawi, kufotokoza kuti zimene mnyamatayo amakondera Aslan ndi zomwezo zimene Yesu adachita ndi kunena, motero pokonda mkangowo akukonda Yesu, mwina kuposa kale. Adam'lembera ndi kapemphero. Mwanayo adatha kuulula nkhawa yake chifukwa kunyumba kwawo bukulo silidali chinsinsi. Apa ndi pamene buku limasiyana ndi nthano za agogo. Agogo akati padangokhala, ana amayankha kuti tili tonse, ndipo wamkulu amaona nkhope ya mwana amene wachita mantha. Buku mwana amawerenga yekha chitseko chili chotseka, pokhapokha wamkulu atasankha kulowa.

Mipingo yambiri idajambula mzere pakati: Narnia ndi Tolkien alowe, Harry Potter atsale kunja. Bungwe la Focus on the Family lidapanga masewero a pawailesi a mabuku onse a Narnia, pamene mtsogoleri wake James Dobson ankachenjeza makolo za Harry Potter. Richard Abanes, m'buku lake la mu 2001, adapereka zifukwa zoyenera kuzimva: kuti kwa Lewis ndi Tolkien matsenga ali m'dziko lina lakutali, pamene Harry amakwera sitima ku King's Cross, pasiteshoni yeniyeni ya mu London, ndiponso kuti iye ndi anzake amanama, kuswa malamulo, n'kutamandidwa pamapeto. Ena a chikhulupiriro chomwecho adaona zosiyana. Chuck Colson adanena pawailesi mu 1999 kuti matsenga a m'mabukuwa amagwira ntchito ngati makina, popanda kuitana mizimu, ndipo magazini ya Christianity Today idawayamikira mu Januwale 2000. John Granger, bambo wa ana asanu ndi awiri wa mpingo wa Orthodox, adatenga buku loyamba kuti aliwerenge ndi cholinga chofotokozera mwana wake wamkazi chifukwa chake kwawo saliwerenga. Adalimaliza atasintha maganizo, ndipo mu 2004 adatulutsa Looking for God in Harry Potter. Kwa Akatolika nakonso mawu sadali amodzi: Kadinala Joseph Ratzinger adalemba kalata mu 2003 yogwirizana ndi wotsutsa mabukuwa, koma mu 2009, iye ali Papa, nyuzipepala ya ku Vatican idayamikira filimu yachisanu ndi chimodzi ya Harry Potter.

Rowling mwiniwake ankapemphera mu Church of Scotland, mpingo womwe udatsekula mishoni ya Blantyre mu 1876. Mu Okutobala 2007 adauza atolankhani kuti ankapewa kukamba za Chikhristu cha m'nkhaniyo poopa kuulula mathero ake. M'buku lomaliza, Harry akupita kukafa mwakufuna kwake kuti anzake apulumuke, ndipo pamanda awiri palembedwa mavesi a m'Baibulo, Mateyu 6:21 ndi 1 Akorinto 15:26.

Zimenezi sizikutseka mlandu. Mavesi awiri sayeretsa buku lililonse, ndipo m'mashelefu a nthano zotere mulidi zina zankhanza ndi zachiwerewere zosayenera mwana. Ana nawonso ndi osiyana: wina amawerenga za chinjoka n'kulimba mtima, wina amalota zoopsa sabata yathunthu. Kholo loletsa litawerenga ndi kulingalira lachita ntchito yake, chimodzimodzi kholo lolola litawerenga ndi kulingalira. Funso lotsala ndi la mpingo: kodi mabanja awiriwa angakhale pabenchi limodzi?

Connie Neal, mlembi amene adagwirapo ntchito ndi achinyamata a mumpingo, adayankha mu 2001 m'buku la What's a Christian to Do with Harry Potter? Adatengera owerenga ake ku Aroma 14 ndi 1 Akorinto 8, kumene mkangano udalinso wa chakudya. Ku Korinto nyama yambiri ya pamsika inkachokera ku nsembe za mafano. Mkhristu wina ankaidya ndi mtima woyera podziwa kuti fano si kanthu; wina, amene adangotuluka kumene m'chipembedzo cha mafano, ankanjenjemera poiona. Paulo sadalamule kuti onse adye kapena onse asale. Adaletsa wakudya kupeputsa wosadya, adaletsa wosadya kuweruza wakudya, n'kuwonjezera kuti waufuluyo asakhumudwitse mbale wake ndi ufulu wakewo. Malangizo amenewa amaluma mbali zonse ziwiri. Banja lowerenga silibwereka buku kwa mwana wa eni makolo ake asakudziwa, siliika filimuyo pamene alendo ndi ana a banja loletsa, silitcha anzawo mbuli. Banja loletsa silifunsa ngati anzawowo adapulumukadi, ndipo siliuza ana ake kuti kunyumba kwa uje kuli ziwanda. Abusa nawo sasandutsa chikumbumtima chawo kukhala lamulo la mpingo wonse.

Okonda mabuku ali ndi yesero lawolawo: kudziona ozindikira, n'kuyamba kuona mpingo ngati malo a anthu osawerenga. Lewis adalidziwa yesero limeneli. Adafotokoza mu 1944 kuti atangotembenuka ankaganiza kuti angathe kukhala Mkhristu payekha m'chipinda, akuwerenga mabuku a zaumulungu, ndipo nyimbo za m'tchalitchi ankaziona zosalongosoka, mawu ndi maimbidwe omwe. Adapitabe. M'kupita kwa nthawi adaona nkhalamba ya nsapato zachikale pabenchi lina ikuimba nyimbo zomwezo ndi mtima wonse, n'kuzindikira kuti iye sali woyenera n'kupukuta komwe nsapatozo. Adapemphera m'katchalitchi ka Holy Trinity ku Headington Quarry kwa zaka zoposa 30, ndipo adaikidwa pomwepo mu 1963. Madeleine L'Engle, mlembi wa A Wrinkle in Time ya mu 1962, adapirira zofanana kuchokera mbali ina: masitolo ena a mabuku achikhristu adakana kugulitsa mabuku ake, koma iye adatumikira zaka zambiri m'laibulale ya tchalitchi cha St John the Divine ku New York. Onse awiri adakana kusankha pakati pa nthano ndi mpingo.

Ana amene adali ndi zaka 11 mu 1997 tsopano ayandikira zaka 40. Ambiri ndi makolo, ena ndi abusa ndi akulu a mpingo, ena adachoka osabwereranso. Church of England idatulutsa mu 2007 kabuku kothandiza atsogoleri a achinyamata kuphunzitsa za chikhulupiriro pogwiritsa ntchito Harry Potter, koma mkangano sudathe. Mu 2019 wansembe wa sukulu ya St Edward ku Nashville, Tennessee, adachotsa mabukuwo m'laibulale atafunsa ansembe otulutsa ziwanda. Pa 2 Febuluwale 2022, Abusa Greg Locke adasonkhanso moto ku Mt. Juliet, kufupi ndi Nashville komweko.

Mumzinda wa Nashville muli gulu la The Rabbit Room, limene adayambitsa Andrew Peterson, mwana wa abusa, woimba nyimbo zauzimu ndiponso mlembi wa mabuku anayi a The Wingfeather Saga. Dzina la gululi ndi la kachipinda ka m'nyumba yomwera ya Eagle and Child ku Oxford, m'mene Lewis, Tolkien ndi anzawo ankakumana Lachiwiri. Kuyambira 2010, chaka ndi chaka gululi limasonkhanitsa Akhristu okonda nthano, nyimbo ndi zojambula pa msonkhano wotchedwa Hutchmoot, kumene amadyera pamodzi, kupemphera ndi kukambirana za mabuku. Mu Disembala 2022, miyezi khumi chichitikire moto wa ku Mt. Juliet, makatuni a Wingfeather adayamba kuonetsedwa, atapangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni zimene owonera okha adasonkha. Msonkhano wa masiku ochepa pachaka sungalowe m'malo mwa mpingo wa kwanu, umene umabatiza ana ndi kuika maliro. Obwera ku Hutchmoot akabwerera, amakapezanso pabenchi lawo banja lija loletsa, ndipo Lamulungu lotsatira ana a nyumba ziwirizo amalowa kalasi imodzi ya Sande sukulu, kwa mphunzitsi mmodzi amene ayenera kuwalandira onse ndi kuwadziwa mayina.